Bakha Wakugwa wa kwa Katunga

Kwa Katunga, Chikwawa
16 Sepitembala 2024

Okondedwa achemwali Emelia,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi kakhanda kathu. Bala la opaleshoni likupola? Amayi akuti musamanyamule ndowa ngakhale madzi atavuta bwanji ku Bangweko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale ukali wake.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakalekale. Foni pakhomo pano ndi imodzi, ya amalume a Andrea, ndipo mukuwadziwa kuti akamayankha amatsegula sipika kuti mudzi wonse umve kuti ali ndi mwana wophunzitsa ku Blantyre. Zimene ndikufuna kunenazi si za pa sipika. Kalatayi ndapatsira mayi Magdalena, aja amabwera ndi nsomba zouma ku Limbe.

Nkhani yabwino ndi yakuti akwawo kwa Saulos atumiza mawu. Abwera kuchokera kwa Mbenje pa 12 Okutobala kudzakambirana ndi amalume za ukwati wathu. Ndasangalala, sindibisa.

Koma Padenga akudwala. Mukumukumbuka, bakha uja tinamupeza atakhala padenga la khitchini madzi osefukira atatenga nkhuku zathu zonse. Amayenda bwinobwino, kenako khosi limapindikira kumsana, mlomo kuloza kumwamba, n'kugwa chagada miyendo ikupalasa ngati akusambira. Pakapita kanthawi amadzuka n'kuima ngati mlendo wosadziwa pamene ali. Kuima kumeneko ine ndikukudziwa, achemwali. Ndikukudziwa bwino.

Tsiku loyamba amalume anamuvindikira ndi beseni n'kuyamba kuliomba ndi mthiko, monga amachitira ndi kamwanapiye kokomoka. Povundukula anali akuphupha kuposa poyamba. Ndinawalanda besenilo.

Tsopano akuti aphedwe alendo asanafike. Akuti bakha akadzagwa pamaso pa anthu a kwa Mbenje, adzayamba kufunsa kuti kugwa pakhomo pano kunayamba ndi ndani. Ine andilamula kuti za matenda anga akugwa ndisatchule, ngakhale kwa Saulos, mpaka ankhoswe atagwirizana. Ndinawafunsa kuti, "Amalume, chilichonse chogwa pakhomo pano chiziphedwa? Mundiuziretu ndidziwe kothawira." Sanaseke.

Koma musade nkhawa, ndapeza nzeru. Piritsi langa la kuchipatala lija ndikumalithyola pakati, theka ndimamwa ine, theka ndimasungunula m'madzi a Padenga. Ine papita zaka osagwa, thupi linakhazikika kale. Wofunika thandizo panopa ndi iyeyu. Chiyambireni kugwa kwake kwachepa, kungoti akugona kwambiri.

Inu mumaphunzitsa zaulimi, tandiuzani, chimagwetsa bakha n'chiyani? Ndipo mulankhule nawo amalume, poti inu amakumverani.

Ndine mng'ono wanu,
Sellina


Bangwe, Blantyre
21 Sepitembala 2024

Sellina mng'ono wanga,

Tili bwino. Khanda likuyamwa ngati lili pa ganyu. Bala likupola pang'onopang'ono, koma adokotala akana zoti ndikwere minibasi yotsika phiri la Thabwa panopa. Pakanapanda zimenezo, ukanaona ine m'malo mwa pepalali.

Ndiyamba ndi chachikulu. Leka lero lomwe kugawana mankhwala ndi bakha. Ukuti papita zaka osagwa, ndipo n'zoona. Koma sunaleke kugwa chifukwa choti matenda anatha. Unaleka chifukwa cha piritsi lathunthu lija. Taganiza za mpanda wa kudimba kwathu. Mbuzi sizilowa chifukwa mpanda ulipo, osati chifukwa mbuzi zinatha m'mudzi. Ukazula theka la mpanda, tsiku loyamba sizizindikira, lachiwiri mwinanso ayi, koma zidzalowa ndithu. Pita kuchipatala ukawauze zimene wachita. Akakukalipira, koma kukalipa sikupha.

Tsopano za Padenga. Kugwa si matenda amodzi. Ndi mmene ubongo umachitira ukasokonezedwa, ndipo zousokoneza n'zambiri. Iwe uli ndi chako, iye ali ndi chake. Sanatengere kwa iwe, ndipo iwe sungatengere kwa iye.

Choyamba kukayikira ndi chakudya. Pisa dzanja mpaka pansi pa thumba la madeya, uone ngati sanachite chuku. Bakha sapirira chuku ngati mmene nkhuku imapiririra, kochepa chabe kamamuwononga. Uonenso kumene amasambira. Anthu amatsukira mapampu opopera mbewu m'mathamanda, ndipo m'matope a nyengo ino mumakhala zowola zodzaza mphutsi, zomwe zimafooketsa khosi la bakha. Madzi amchere a pamjigo wathu uja, pa dzuwa ngati limeneli, nawonso akhoza kumusokoneza. Mwinanso thupi lake likusowa zina chifukwa chodya madeya okhaokha.

Umupatse madeya atsopano ouma, masamba ndi chiswe. Madzi akhale abwino komanso osaya, kuti akagweramo asamire. Akayamba kuphupha umuike pamthunzi popanda phokoso, usamugwire mwamphamvu. Beseni la amalume lija limangoonjezera moto. Upemphe alangizi a ziweto amuone, ndipo aliyense asaganize zomudya tisanadziwe chimene chalowa m'thupi mwake.

Dzulo ndinaimbira amalume, koma anali pamsika wa Dyeratu pakati pa anthu, sipika ili pamwamba. Sindinafune kutchula mankhwala ako pagulu. Ndinangoti, "Mumuuze Sellina asiye msanga zimene akuchita ndi bakha uja, zambiri zili m'kalata." Ndikhulupirira akuuza.

Za Saulos tidzakambirana mofatsa, koma maganizo anga ndi akuti munthu amene udzakhale naye nyumba imodzi ayenera kudziwa. Undiyankhe msanga kuti wabwerera ku piritsi lathunthu.

Mkulu wako,
Emelia


Kwa Katunga
10 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni ndikupereka poti ndi mwambo. Ndikhulupirira khanda lili bwino.

Kalata yanu sindinaione. Akuti mayi Magdalena anachoka ku Limbe n'kupitirira kumaliro ku Mutarara osadzera kuno, ndipo sanabwerebe. Kaya munawapatsa kalata kaya ayi, mukudziwa ndinu. Chimene ndinalandira ndi uthenga wa pafoni. Amalume anafika akumwetulira, akuti, "Wamva tsono? Ngakhale aphunzitsi akuti usiye za bakha. Kanditengere mpeni."

Inu, achemwali? Inu amene munkandikokera kutali ndi moto anthu onse atathawa? Inu amene munamenya mwana wa a Tomasi mpaka kutuluka kamfuno chifukwa chokana kumwera kapu imodzi ndi ine? Ndadikira masabata onsewa kuti mwina mufotokoza, koma zii. Ndiye kuti nanunso mwaona kuti chogwa n'chochititsa manyazi.

Sindinasiye ndipo sindisiya. Padenga ndamusamutsira m'dengu kuseri kwa bafa, ndipo popita kudimba ndimamunyamula kuti amalume asamupeze ali yekha. Amayi a pamjigo akuseka kuti ndabereka bakha ndisanakwatiwe. Aseke, mano ndi awo. Mankhwala tikugawanabe. Mutu ukumandiwawa m'mawa, ndipo dzana ndinangopezeka ndaima pamjigo ndowa itasefukira osadziwa kuti yadzaza liti, koma ndi dzuwa limeneli.

Alendo afika mkuja. Amalume agula tambala, ine ndasita diresi langa lobiriwira. Ndidzagwada, ndidzawasambitsa m'manja, ndidzatseka pakamwa monga andiuzira. Zonsezo ndavomera chifukwa Saulos ndimamufuna. Koma mpeni pakhosi pa Padenga, ayi.

Iyi ndapatsira dalaivala wa minibasi pa Dyeratu. Muyankhe kapena musayankhe.

Sellina


Kwa Katunga
14 Okutobala 2024

Kwa mwana wanga Emelia,

Landira moni wochokera kwa ine ndi amayi ako. M'thupi ndili bwino, koma manyazi andigwera aakulu. Ndalemba kalata chifukwa nkhani iyi si ya pafoni.

Alendo a kwa Mbenje anafika Loweruka monga tinapanganira, Saulos ndi azakhali ake, mayi Angela, amene ali nkhoswe yake. Tinawakhazika pamkeka pansi pa mtengo wa nimu. Mng'ono wako anatuluka ndi beseni ndi jagi, anagwada mwaulemu mpaka ine mtima unakhala pansi. Akuthira madzi m'manja mwa azakhaliwo, jagi inapulumuka, iye n'kugwera chammbali, thupi lonse likugwedezeka. Mayi Angela anathawira kumpanda akupukuta manja pachitenje, akukuwa m'Chisena chawo kuti "Nkhabe, nkhabe!" kukana kuti wina awayandikire. Saulos anangoima osasuntha. Amene anamugwira mwana ndi amayi ako.

Phokoso lili mkati, bakha uja anagubuduza dengu n'kutulukira pabwalo, khosi lili chopindika, akudzandira ngati woledzera. Mayi Angela atamuona anafunsa kuti ndi wa ndani. Ndinawauza kuti ndi wa Sellina, amamunyamula kulikonse. Iwo anati, "Basi, ichi ndicho chamupatsira mwanayu." Ine sindinatsutse. Amayi ako anafuna kutsegula pakamwa, ndinawayang'ana, anakhala chete.

Mulungu sataya wake, mwana wanga. Alendowo anati ngati matenda achokera kwa bakha, ndiye kuti ndi ochotseka. Abweranso pa 26. Bakha aphedwe iwo akuona, atenthedwe, phulusa likatayidwe mu Shire, kenako zokambirana za ukwati zipitirire. Loweruka lija alendowo sanadye kanthu. Tambala uja tinadya tokha.

Sellina wadzuka, wangodziluma lilime ndi kusupuka pachigongono. Koma za bakha sakundiyankha. Mawu ako a pafoni aja ndinamuuza, sanamve. Tsono mulembere iwe mwini.

Usaganize kuti ndimamuda mwanayu. Ndine ndinkamubereka kumsana popita naye kuchipatala atangoyamba kugwa, bambo anu atamwalira. Ndaona atsikana a matenda amenewa akukalambira m'nyumba za amayi awo, osati chifukwa chosowa khalidwe. Ndikufuna akhale ndi khomo lake ngati anzake. Khomo latseguka lokha, ndiye tilitseke chifukwa cha mbalame? Bakha ndi bakha. Ndidzamugulira ena awiri.

Malume wako,
Andrea


Bangwe, Blantyre
17 Okutobala 2024

Sellina wanga,

Makalata awiri andipeza tsiku limodzi, yako ndi ya amalume. Ndawerenga khanda lili pamiyendo, misozi ikugwera pamutu pake. Lilime likupola? Ukutha kudya?

Sindinanenepo kuti Padenga aphedwe. Ndinalemba kalata yaitali imene ili m'chikwama cha mayi Magdalena ku Mutarara. Chimene ndinkati usiye ndi kugawana naye mankhwala, chifukwa theka la piritsi silingakuteteze. Ndinazungulira pafoni poopa makutu a anthu, ndipo kuzungulira kwangako ndiko kwakugwetsa. Lero ndaimbanso. Iwe unakana kubwera pafoni, choncho ndinaumirira kuti amalume apatse amayi foniyo n'kupita kutali. Amayi alonjeza kukuperekeza kuchipatala mawa. Usakane.

Za pa 26 sindikulamula kanthu. Ndingokufotokozera mmene ndikuonera, usankhe ukudziwa.

Njira ya amalume ikhoza kutheka. Bakha aphedwa, alendo akhutira, ukwati uchitika. Kenako udzapita kukakhala kwa Mbenje, kwa eni ake. Piritsi udzamwera kuseri. Tsiku la kuchipatala udzanama kuti ukupita kumsika. Mankhwala akadzasowa, monga amasowera nthawi zina, sudzakhala ndi womuuza. Ndipo ukadzagwa pafupi ndi moto kapena kumtsinje, udzakhala pakati pa anthu okhulupirira kuti matenda anapsa pamodzi ndi bakha. Wawaona kale mmene amathawira. Amayi sadzakhalapo.

Njira inayo ikhoza kukulanda Saulos. Sindikunamiza kuti n'zopepuka, ndipo amalume sakunama akamati anthu amaopa. Iwo akuchita zimene akuona kuti ndi chikondi.

Ukasankha ukwati n'kupereka bakha, sindidzakuweruza. Ukasankha kunena, ndili kumbuyo kwako. Mwana wa a Tomasi uja ndikhoza kumumenyanso lero, ngakhale ndili ndi bala.

Iyi ndapatsira dalaivala yemwe uja, ndamuuza kuti aipereke m'manja mwako.

Mkulu wako,
Emelia


Kwa Katunga
28 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali,

Mwadzuka bwanji ndi mwana? Kalata yanga yaukali ija muing'ambe. Yanu yachiwiri inafika, ndipo mayi Magdalena nawo abwera ndi yoyamba ija ikununkha nsomba. Ndawerenga zonse.

Kuchipatala ndinapita ndi amayi. Anamwino anandikalipira mpaka odwala ena kusuzumira, kenako anandifunsa ngati bakhayo analembetsa dzina kuti azilandira nawo mankhwala. Ndabwerera ku piritsi lathunthu, ndipo mutu wasiya kuwawa. Thumba la madeya ndinalikhuthula. Pansi pake panali pobiriwira, poti linatsamira mgolo wa madzi. Tinakwirira onse. Alangizi a ziweto anamuona Padenga, akuti khosi mwina silidzawongoka ndipo sangalonjeze kuti kugwa kutheratu, koma akudya ndipo wayambanso kuthamangitsa agalu.

Tsopano za Loweruka. Amalume sindinawauze maganizo anga, ndipo iwo anayesa kuti kukhala chete kwanga n'kuvomera. M'mawa anaunjika nkhuni pakati pa bwalo, ananola mpeni, n'kumanga Padenga miyendo ndi luzi. Anthu anadzaza kumpanda ngati kuli mpira. Mayi Angela anakhala kumapeto kwa mkeka, atabwera ndi botolo lawo la madzi. Saulos anali chowerama.

Amalume anayamba kulankhula za tsoka lolowa pakhomo kudzera m'ziweto. Atagwira mpeni, ndinaimirira. Sindinagwade, achemwali. Ndinaima.

Ndinati, "Azakhali, bakha uyu ndi wadzanadzanali. Ine ndinayamba kugwa ndili Sitandade 4, agogo ake a bakhayu asanaswedwe n'komwe. Ndili ndi khunyu. Ndimamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo ndikamamwa bwino ndimalima, ndimaphika, ndimatunga madzi ngati wina aliyense. Tsiku lija ndinagwa chifukwa ndinachepetsa mankhwala. Iyeyu anadya madeya a chuku. Palibe anapatsira mnzake. Mukamuwotcha mudzatenga mkazi wakugwa yemweyo, mutangowononga nkhuni."

Amalume anati, "Sellina, khala pansi!"

Ndinati, "Pansi ndimapadziwa kuposa nonsenu, amalume. Lero ndiima."

Kumpanda wina anaseka, wina n'kumuletsa. Kenako amayi, amayi athu omwe aja osayankha munthu, anadzuka, anatenga mpeni m'manja mwa mlongo wawo n'kudula luzi. Padenga anadzandira kupita kumthunzi osathokoza aliyense.

Mayi Angela anati tawanamiza, ndipo kwawo sangalandire mkazi wotere. Anatola botolo lawo n'kulunjika kumsewu. Amalume anawatsatira akupepesa mpaka pachipata.

Saulos sanadzuke. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bwanji sunandiuze?"

Ndinati, "Anandiletsa, ndipo ndinamvera. Lero ndaleka. Ngati ukupita, azakhali ako sanafike patali."

Ndinaganiza kuti zatha. Kenako anati, "Tsiku lija ndinaima ngati chitsa. Kuyambira pamenepo tulo sindikupeza. Sindinathawe, koma sindinadziwe chochita. Ukagwa, munthu amatani?"

Achemwali, ndinagona pamkeka pomwepo ndi diresi langa lobiriwira, anthu onse akuona. Ndinati, "Yamba. Chotsa chilichonse chondivulaza, moto, mpeni, ndowa. Pinda chitenje uike pansi pa mutu. Usandipanikize, ndisiye ndigwedezeke. Supuni kapena chala mkamwa mwanga, ayi, ngakhale wina akuuze. Kugwedezeka kukatha unditembenuzire chammbali kuti malovu atuluke. Ndipo ukhale pomwepo mpaka nditakuzindikira."

Ananditembenuza ngati thumba la mapira. Ndinati abwerezenso. Amayi a pamjigo aja anali akufa ndi kuseka, ndiye ndinadzutsa mutu n'kuwauza kuti, "Lowani muone bwino, si ine ndekha wogwa m'mudzi muno." Awiri analowadi.

Tili mkati, mayi Angela anakuwa kuchokera kumsewu kuti, "Saulos, minibasi yafika!"

Iye, atagwada, dzanja lili pansi pa mutu wanga, anayankha kuti, "Tsogolani azakhali, ine ndikadali m'kalasi."

Musayambe kusoka zovala za ukwati. Kwawo sanavomere, ndipo mayi Angela akana kukhalanso nkhoswe. Amalume sakundilankhula, amatuma amayi ngakhale ndili pomwepo. Saulos anachoka dzuwa likupendeka, akuti akalankhula ndi abambo ake aang'ono kuti akhale nkhoswe m'malo mwa azakhali, ndipo akavomera abwera nawo.

Ndamuuza kuti akawachenjeze asananyamuke. Aliyense wobwera kudzakamba za ukwati wanga ayamba wagwada pamkeka uja n'kuphunzira kunditembenuza. Wosafuna, asavutike n'kukwera minibasi.

Ndine mng'ono wanu,
Sellina